Nkhokwe za Chidzanja pa Khwawa Lokwiriridwa

Kale, anthu asanadziwe malata, mbumba ina ya Abanda idasamuka pabwinja chifukwa nthaka idaguga. Pakati pawo padali mkamwini, dzina lake Chidzanja, munthu waluso koma wamakani ngati mbuzi yokana chingwe.

Eni mbumba adati Chidzanja ayambe ndiye kumanga, ena onse adzaonere pa iye. Kwa mkamwini imeneyi siinali nkhani yamasewera. Akakhoza adzatchedwa munthu pamudzi, akaphonya adzapinda mphasa yake n'kubwerera kwawo.

Chidzanja adayamba wayala mudzi wake pamchenga. Chigoba cha nkhono chidali nyumba, timiyala tidali khola la mbuzi, zitsononkho zidali nkhokwe. Khola adaliika kolowera mphepo kuti fungo lisamadye nawo. Khomo la nyumba adalitembenuza kuti asamaonane maso ndi apongozi m'mamawa. Atatero, malo a nkhokwe adatsala pa kakhwawa kouma kotsika kuchokera kuphiri.

Apo ndi pomwe adafika mlamu wake, Chatsika.

"Alamu, ndevu zonsezi mwayamba masanje? Ine ndikhale fisi kapena mwana?"

"Mukhale galu, alamu, ndiye mumatha bwino," adayankha Chidzanja.

"Chabwino. Koma zitsononkho zanuzi zili panjira ya eni ake. Mvula ikakwiya, madzi amadzera apa."

Tsono ana inu, chilamu mukuchidziwa. Chatsika yemweyu adamutumizapo Chidzanja kutsidya kwa dambo kukamwa mowa umene sudafululidwe. Choncho Chidzanja adangoseka, nati mumtima: lero sundipusitsanso.

Adayamba kukwirira khwawa lija. Adatuta miyala mpaka mapewa adasupuka, nathira dothi la pachulu, nalipondaponda mpaka lidauma gwa! Mkazi wake Nangondo, atatopa ndi madengu a dothi, adati, "Abambo, achimwene aja nthawi zina amanena zoona."

"Zoona zawo ndidazimwa tsiku la mowa lija," adatero mwamunayo osatukula mutu.

Nkhokwe zitatu zidaima pamenepo, zokongola ngati anamwali. Poti ena adali asanaluke zawo, chimanga cha mbumba yonse chidalowa momwemo.

Mvula yoyamba idagwa, osaona kanthu. Chidzanja adafuula, "Alamu, mtsinje wanu uja wachedwa kuti? Tiutumire mthenga?"

Koma chimanga chitayamba kumasula m'munda, nthawi imene njala imaluma, kudagwa mvula yosalekeza. Masanasana kudamveka kulindima kuphiri. Madzi ofiira adatsika, nafika pa dothi la Chidzanja, osafunsa njira. Adakumba pansi pa miyala, ndipo nkhokwe yoyamba idagwada, yachiwiri idatsata.

Chidzanja adalumphira m'madzimo nakumbatira mwendo wa nkhokwe yachitatu.

"Alamu! Chingwe!"

Tsiku limenelo Chatsika sadaseke. Adathamanga ndi luzi, amuna ena pambuyo pake, namangirira nkhokwe ku mtengo wa mbawa. Idapulumuka yokhayo.

Madzi ataphwa, khwawa lidali litabwerera mwakale, miyala yonse itamwazikira kumunsi. Chatsika adaliyang'ana nati, "Alamu, inu mudaliiwala, koma madzi saiwala khwawa."

Eni mbumba adati mkamwini apinde mphasa. Chidzanja adagwada nati, "Kupita ndipita, koma ndilekeni ndibweze kaye chimene ndamiza." Adalima maganyu m'midzi yakutali kudyetsa ana a mbumba mpaka masika, kenako adaluka nkhokwe zatsopano pamtunda. Atamaliza, palibe adatchulanso za mphasa.

Mpaka lero akulu amati, "Madzi saiwala khwawa." Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chimabwerera kumene chidazolowera, ngakhale muchikwirire bwanji. Munthu amene adazolowera kuba nkhuku akakuuzani kuti adaleka, mumuyamikire ndithu, mum'patse ndi mpando. Koma khola lanu musalimange kuseri kwa nyumba yake.