Tsiku Limene Gelesomu Adakumba Manda

Ana inu mumanena miyambi ngati mukudya nzimbe, kumeza madzi n'kulavula zotsala, osafunsa munda umene idachokera. Ulipo wina umene mumaukonda kwambiri. Ena adzakuuzani kuti ngwakalekale, asiyeni anene. Ine ndikuuzani za tsiku limene udatuluka pakamwa pa munthu m'mudzi mwathu mwa Mtsukwa, chifukwa maliro a tsikulo adali a mkulu wanga, Nachisale.

Nachisale adali ndi mwana wamkazi, Elube, ndipo Elube adakwatiwa ndi Gelesomu. Gelesomu adali mkamwini, wochokera kutsidya kwa mapiri, wazaka makumi anayi ndi ziwiri, bambo wa ana anayi. Ankagwira ntchito ya zaumoyo pachipatala chathu chaching'ono. Kuyeza ana kusikelo adali iye, kubaya katemera adali iye, kuyendera zitsime ndi zimbudzi panjinga adali iye yemwe, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Chipatalacho chidalibe dokotala. Amene ankatumizidwa ankakhala miyezi isanu, akaona kuti kulibe magetsi n'kupempha kusamuka. Matenda akakula, tinkagoneka munthu pangolo ya ng'ombe kupita naye kuchipatala chachikulu, ulendo wa theka la tsiku.

Tsiku lina pamsonkhano wa chitukuko adaimirira a Kamtambe, mkulu wa adzukulu, amuna okumba manda aja.

"Akamwini," adatero, "jekeseni mumabaya kale. Bwanji osakaphunzira zotsalazo? Obwerawa amathawa. Nanga inu mungathawire kuti, mkazi ali konkuno?"

Anthu adaseka, amayi adaimba nthungululu. Inenso ndidaomba nawo m'manja.

Gelesomu adaitenga nkhaniyo ndi mtima wonse. Adapeza malo kukoleji ya zaumoyo kutauni, kumene anthu apantchito amaphunzira Loweruka ndi Lamlungu, zaka zitatu. Akaweruka Lachisanu ankakwera minibasi n'kukagona kwa msuweni wake. Lamlungu madzulo ankabwera maso ali psuu, Lolemba m'mawa ali kale pasikelo kukoleka ana a eni. M'kalasimo anzake adali amsinkhu wa mwana wake woyamba, Mwatitha, ndipo ankamutchula kuti ankolo. Nthawi ya nkhomaliro, anzake apantchito akamacheza, iye ankakhala kuseri kwa chipatala ndi buku pamwendo. Lamba adaboola bowo lina. Munda udatsalira Elube ndi ana, ndipo sadadandaule.

Koma m'mudzi simukhala ntchito ndi sukulu zokha. Mumakhalanso maliro, ndipo imfa sifunsa kuti lero n'lachingati.

Mwambo wathu mukuudziwa. Pakagwa zovuta, mwamuna aliyense amaoneka kumanda ndi khasu, makamaka mkamwini. Amene sangathe amapita yekha kwa adzukulu kukanena, natumiza wina m'malo mwake. Gelesomu sankachita zimenezi. Ankaganiza kuti poti mudzi ndiwo udamutuma, aliyense akumvetsa. Chipepeso ankapatsira mkazi wake. Pa zaka ziwiri ndi theka tidaika anthu asanu ndi anayi. Iye adaoneka pawiri pokha, ndipo pawiri ponsepo adafika masana, dzenje litatha, nsapato zili phuliphuli. Mmodzi mwa amene sadawaike adali mng'ono wawo wa a Kamtambe, bere limodzi.

Gelesomu ndidamuitana. Adanjuta chapatali potero, monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi.

"Bambo, kumaliro a mng'ono wa a Kamtambe simudaoneke."

"Amayi, ndinali ndi mayeso. Komanso iwo omwewo ndi amene adandituma kusukuluko."

"Adakutumani kusukulu, sadakusamutseni m'mudzi. Pitani mukakhale nawo pakhonde, ngakhale ola limodzi."

"Ndipita Lamlungu likubwerali, ndikangofika."

Lamlungu lidabwera, iye adafika atatopa. Linanso lidabwera. Kenaka manyazi adakula kuposa ulendowo, poti chipepeso chikachedwa chimalemera.

Chaka chachitatu, mwezi wa Januwale, kudagwa ng'amba. Masabata atatu dontho osagwa, chimanga chili lende. Mipingo yonse idasonkhana pabwalo la sukulu kupempha mvula, ndipo wotsogolera nyimbo adali a Kamtambe, poti mawu adali nawo. Sabata yotsatira, Lachinayi, mkulu wanga Nachisale adatisiya. Tidagwirizana zoika Loweruka, podikira mwana wake wamwamuna amene ankagwira ntchito kumpoto.

Loweruka lomwelo, 8 koloko m'mawa, Gelesomu adali ndi mayeso ake otsiriza. Lamulo la kukolejiko lidali lakuti wophonya mayeso amenewo abwereze chaka chonse.

Lachisanu masana mvula idagwa, yeniyeni, yokokolola mizere. Itakata, Gelesomu adatengana ndi mlongo wanga Zefaniya, mwini mbumba, kupita kumene adzukulu adakhala.

"Akuluakulu, ndabwera kudzapempha," adatero Gelesomu atagwira chipewa m'manja. "Mundilole ndikalembe m'mawa. Ikamakwana 1 koloko ndidzakhala nditafika. Alamu anga akumba m'malo mwanga."

A Kamtambe sadamuyang'ane. Adatembenukira anzawo. "Mwaona, anyamata? Adokotala akudziwa kumene timakhala."

"Kapena abwera kudzayendera zimbudzi," adatero wina, dzina lake Lomosi. Ena adaseka chamumtima, poti padali pamaliro.

Zefaniya adalowererapo. "Mwana walakwa, tavomera. Tchulani nkhuku. Ngati yachepa, tchulani mbuzi."

"Mbuzi sigwira khasu, a Zefaniya," adayankha a Kamtambe. "Mng'ono wanga ndidamukumbira ndekha, misozi ikugwera m'dzenje. Mkamwini wanuyu ankadutsa pakhomo panga ndi njinga, belu lokha ngili ngili. Mawa tibwera tonse ndi makasu athu, koma tikhala pansi. Khasu loyamba ndi lake, ndipo satuluka mpaka dzenje limufike m'chiuno. Akapanda kubwera, apongozi akewo awaike yekha ndi cholembera."

Madzulo ake Elube adatuluka m'nyumba ya siwa, tidakumana atatu ndi Gelesomu kuseri kwa nkhokwe. Mawu ake adali atasasa ndi kulira.

"Bambo a Mwatitha, pitani mukalembe," adatero. "Amayi ndi amene ankakusungirani mbatata Lamlungu lililonse, ankati aphunzitsi sadyetsa. Akanakhala kuti akumva akanakuthamangitsani ndi chitsulo cha moto."

"Ndikapita, amayi agona m'nyumbamo mpaka liti?" adafunsa Gelesomu. "Nanga iwe udzatunga bwanji madzi pamjigo ndi akazi a anthu amenewa? Ine ndine wobwera. Iwe ndi ana ndinu apano."

Onse awiri adandiyang'ana. Ndikanatha kupita ndekha kwa a Kamtambe, poti mayi awo ndidawasambitsa ndine atamwalira, ndipo akanachita nane manyazi. Sindidapite. Mumtima mwanga ndidali nditawerenga maliro asanu ndi awiri aja, ndipo ndinkaona kuti adzukulu sakunama.

"Kumbani, bambo," ndidatero.

Akazi sitifika kumanda nthawi yokumba, choncho za m'mawa mwake adandiuza ndi Zefaniya. Gelesomu adafika kusanayere bwino, wopanda nsapato, buluku atapinda. Adzukulu adamulozera malo, nakhala pamizu ya mitengo, makasu atagoneka pambali. Dothi la kumanda kwathu ndi katondo, ndipo katondo akanyowa amakakamira. Akatema kamodzi, khasu linkatuluka lolemera ngati mwana, n'kuyamba walikokota ndi phazi. Manja ozolowera jekeseni adatuluka matuza, matuzawo adaphulika.

Cha m'ma 6 koloko minibasi yoyamba idaliza hutala kumsewu. Gelesomu adaima, khasu lili m'mwamba, namvetsera mpaka kulira kwa injini kudazilala kuseri kwa phiri. Kenaka adatema. Lomosi, mwini nthabwala, ankangothyola timitengo.

Dzenje litafika m'chiuno dzuwa lidali litakwera. A Kamtambe adati, "Tulukani, akamwini." Iye adachita ngati sadamve. Adatemanso kangapo, mpaka amuna awiri adalowa n'kumulanda khasu. Adzukulu adamaliza, ndipo masana tidamuika Nachisale mwaulemu wonse.

Pobwerera, amuna adaima pamjigo kutsuka makasu ndi miyendo. A Kamtambe ankapala zidendene ndi phale, akung'ung'udza.

"Mvula imeneyinso yatizunza. Matope mpaka m'mawondo."

Ife tinkadutsa ndi Elube, titamugwira uku ndi uku. Namfedwa sayankhula panjira, koma iye adaima.

"A Kamtambe," adatero motsitsa, "sabata yatha pabwalo la sukulu, nyimbo ankayambitsa ndani? Mumayesa ibwera youma?"

Elube adapitiriza.

"Dokotala adamulira ndinu, pamaso pa anthu. Lero mwamuchedwetsa m'dzenje."

Anthu adayembekeza kuti mkuluyo akalipa. Sadakalipe. Adayang'ana Gelesomu, amene adakhala payekha pamwala, manja atatambasula poti sakanatha kuwafumbata.

"Mwana wanga, wanena zoona," adatero. "Koma amuna akowa nawonso sukulu adailira okha. Matope awo adali ochepa, kuchoka pamsewu kufika pakhonde panga. Sadafune kuwaponda."

Zefaniya ndiye adatseka nkhaniyo, akupukuta manja kumalaya. "Basi, tonse tadetsedwa. Walira mvula, walira matope."

Mawuwo adayenda. Pofika tsiku lometa, amayi ankawanena kale pamjigo.

Gelesomu adalembera kalata kukoleji, koma adamuyankha kuti lamulo ndi lamulo. Mabuku adawaika m'thumba la feteleza n'kulikoleka kudenga. Chaka chimenecho ngolo idanyamula odwala monga kale, ndipo awiri sadabwerere ndi moyo. Mmodzi adali mkazi wa Lomosi. Sindikunena kuti Gelesomu akanawachiza, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Ndikungonena kuti pamaliro awiriwo adzukulu ankakumba osayang'anana, ndipo Gelesomu adali pakati pawo ndi khasu lake.

Nthawi yolembetsa itayandikira, a Kamtambe adafika pakhomo pa Elube Lachinayi madzulo. Sadapepese, anthu amsinkhu umenewo sapepesa ndi pakamwa. Adakhala pampando, adafunsa za ana, adafunsa za chimanga.

"Kodi minibasi ya Lachisanu ija idakayendabe?" adatero pomaliza.

"Imayenda," adayankha Gelesomu.

"Muzikwera. Kukagwa zovuta khasu lanu adzagwira Lomosi, wadzipereka yekha. Inu mukafika Lamlungu muzingodutsira kwa anamfedwa musanavule nsapato."

Gelesomu adatsitsa thumba lija. Adabwereza chaka chonse, ndi ana ena atsopano omutchula ankolo, ndipo Lamlungu lililonse lotsatira maliro ankatsikira pakhomo pa anamfedwa, chikwama chili kumsana. Adamaliza ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ambiri a inu amene mukundimvera pano, malungo anu oyamba adawaona ndi iye.

Ndiye mukamati walira mvula walira matope, muzidziwa chimene mukunena. Mwambiwu sukuletsa munthu kulira mvula. Popanda mvula tonse tigona ndi njala. Ukunena kuti chabwino chilichonse chimabwera ndi litsiro lake, ndipo sungalandire chimodzi n'kubweza chinzake. Munthu wamkulu wobwerera kusukulu, ntchito ili pamutu, ana ali pakhomo, amadziwa za kutopa ndi za tulo toperewera, zimenezo amazikonzekera. Chimene amaiwala ndi anthu amene azisenza malo ake iye kulibe. Amenewo apite akawaone ndi mapazi ake, mitambo isanachite bii, asayese kuti akumvetsa okha.

Koma mwambiwu uli ndi mbali inanso, ndipo imeneyi ndi yathu otsala. N'chapafupi kuimba nthungululu potuma mnzako. Tsiku lidzafika limene mudzamufuna iye kulibe, ndipo kusowa kwakeko ndiwo matope a mvula imene mudailira nokha. Ine ndidaomba nawo m'manja pamsonkhano uja, ndipo tsiku la matope ndidati akumbe. Mkulu wanga adagona bwino m'manda ake. Koma chaka chija tidachitenga kwa mwini wake, ndipo mpaka lero palibe adachibweza.