Khasu Lolemera la Chakhaza

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Chakhaza. Sanali mbadwa ya pano ayi. Anali mkamwini wochokera kumapiri uko, ndipo pobwera kudzakwatira Nangondo anasenza nyundo, mvukuto ndi luso la bambo ake, amene anali wosula makasu wotchuka.

Tsono kwawo kumapiriko nthaka ndi yamiyala. Khasu la kumeneko limafunika lochindikala, lolemera, loti likamenya mwala, mwalawo ndiwo ulire. Chakhaza anamanga chipala chake pansi pa mkuyu, nayamba kusula makasu otero. Anasula, anasula, anasulanso.

Anthu ankabwera ndithu. Munthu ankanyamula khasu, kulitembenuza, kuligogoda ndi chala. "Koma manja muli nawo, alamu. Tibweranso." N'kuliika pansi bwinobwino, ulendo. Nanga ankabweranso? Inu mukutidziwa ife anthu a kuno. Tingamuuze mlendo pamaso kuti katundu wake sitikumufuna? Timamuyamikira mpaka afe ndi njala.

Chakhaza, mwana wa eni, mawu aja anawayesa malonda. Akamva "tibweranso", ankathamangira kukasula ena awiri. Mvula yoyamba inagwa makasu makumi awiri ali ndanda pakhonde, popanda wobweretsa ngakhale nkhuku imodzi.

"Bambo a mwana," anatero Nangondo, "bwanji osapita kumadimba kukaona mmene anthu akulimira?"

"Ndikaone chiyani? Umu ndi mmene ankasulira bambo anga. Anthu a kuno ndi aulesi basi."

Mwamuna wouma mutu ameneyo! Koma malume ake a Nangondo analibe nthawi ya nthabwala. Anatumiza mawu: "Mkamwini timamuonera nkhokwe. Tikamakolola iye akungogogoda zitsulo, abwerere kwawo." Ndipo mwambo mukuudziwa: mkamwini akamachoka amachoka yekha, mwana amatsala kuchikazi. Chakhaza anali ndi kamwana kakakazi kongoyamba kukwawa, kamene masana kankagona pachifuwa pake moto wa pachipala ukazima. Atamva mawu aja chakudya chinasiya kumukomera.

M'mudzi monse munali munthu mmodzi yekha wolimira khasu lake: apongozi ake, aNankhoma, mayi a Nangondo, amene anawapatsa limodzi ngati mphatso. Tsiku ndi tsiku ankadutsa nalo paphewa pakati pa mudzi, aliyense akuona.

M'mawa wina Chakhaza anatsikira kudambo kukadula mipini. Ali kuseri kwa bango, anawaona apongozi akewo m'dimba. Akatema kamodzi, khasu linkatuluka ndi chibuma cha dothi chitamatirira. Ankalipala ndi phazi, kutemanso, kulipalanso. Kenaka anakhala pansi, atagwira msana ndi manja onse awiri. Atamva tchire likuthyoka, anadzuka msanga n'kutolanso khasu, ngati palibe chovuta.

Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake sankayang'anana pamaso. Chakhaza ananjuta chapatali, atatembenukira kumbali, nawomba m'manja.

"Amayi, khasulo likukuvutani?"

"Ndi labwino, bambo."

"Amayi, ndapota nanu. Zoti ndi labwino ndamva kwa mudzi wonse, koma mwana wanga ndatsala pang'ono kumusiya. Ndiuzeni zoona."

ANankhoma anayankha akuyang'ana madzi a m'ngalande. "Bambo, dothi la kuno ndi makande, limamata. Khasu lanu ndi lolemera kale, ndiye likasenza matope limakhala ngati mtondo. Komanso olima madimba kuno ndife amayi, ena ndi ana kumsana. Ine ndimalinyamula kuti anthu asanene kuti ngakhale apongozi ake alikana."

Chakhaza analira, ana inu. Mwamuna wamkulu, wa mikono ngati ya ng'ombe, analira pamenepo ndi manyazi komanso chisoni, poona kuti mayi wokalamba wakhala akuthyoka msana kuti amusungire ulemu.

Anapempha khasu lija n'kulima nalo dimba la apongozi ake masiku atatu. Manja anatuluka matuza, msana unauma gwa. Tsiku lachinayi anatenga makasu onse aja, ntchito ya miyezi yambiri, n'kuwabwezera pamoto. Mukuganiza kuti sizinamuwawe? Zinamuwawa. Koma khasu limodzi lakale linatulutsa awiri, opyapyala, opepuka.

Loyamba analitumiza kwa apongozi ake kudzera mwa Nangondo. Linabwerera: latambalala kwambiri. Anasulanso. Linabwereranso: mpini watalika. Anadula. Kachitatu silinabwerere. M'malo mwake kunabwera amayi atatu, wina ndi nkhuku, awiri ndi madengu a mapira, akufunsa khasu longa la aNankhoma, loti amaliza nalo dimba dzuwa lisanafike paliwombo.

Pofika nthawi yokolola, nkhokwe ya Chakhaza inali itadzaza, mapira ena atakasungitsa kwa malume omwe aja. Za kubwerera kumapiri palibe anazitchulanso. Kamwana kaja kanakulira pamiyendo pa bambo ake, ndipo ndiko kanadzabereka agogo a agogo anu.

Dzina lake litamveka, anthu a kumchenga, kutsidya kwa mtsinje, anamuitana kuti akawagulitse makasu. Kodi ananyamula katundu? Ayi. Anapita chimanjamanja, nabwereka khasu lawo, nalima nalo mlungu wathunthu, n'kubwerera kudzasula lina la kumchenga. Kulikonse kumene malonda ake anafika, anayamba wafikako ndi msana wake.

Ndiye inu amene mukutsegula maokala ndi magolosale m'matauni, inu ofuna kuti malonda anu aoloke mitsinje, mverani. Kwathu kuno timati usanamusulire munthu khasu, kalime m'munda mwake. Ndipo pakati pa anthu onse okuyamikirani, funafunani amene akuvutika mwakachetechete ndi katundu wanu chifukwa chokukondani. Ameneyo mukhalireni pansi, mumupemphe mpaka akuuzeni zoona.