Woumba Mitsuko Amene Sankapezeka

Kalekale, kunali dziko la midzi yambiri, ndipo mudzi uliwonse unali ndi chake. Uku kunali osula makasu, uko kunali oluka mphasa, kuseri kwa phiri kunali odziwa mankhwala a chifuwa. Zinthu zinalipo, koma kuzipeza ndiye inali nkhani. Munthu ankayenda mpaka mapazi kung'aluka, akufuna chinthu chimene chili mudzi woyandikana ndi kwawo.

Pa mphambano ya njira panali banja lina, a Kayenda ndi akazi awo a Nthambi. A Kayenda anali munthu wosakhala pansi. Ankatsata njira, njirayo ikawafikitsa pamudzi ankafunsa zimene zili pamenepo, kenako ankafunsa kumene njira ina ikulowera. Katundu sankanyamula ayi. Khasu linkatsala kwa mwini khasu, mphasa kwa mwini mphasa, mankhwala kwa mwini mankhwala. Iwo ankanyamula mawu okha. M'nyumba ya munthu sankalowa osaitanidwa. Zimene auzidwa ndi zimene aona pabwalo, basi, ndizo ankapita nazo.

Akafika kunyumba ankakhuthula zonse kwa a Nthambi. Mayi ameneyu sankayenda, koma mutu wake unali wosesa bwino. Za makasu ankaika pa makasu, za mphasa pa mphasa, za chifuwa pa chifuwa. Munthu akabwera ndi funso, a Nthambi ankamutchulira eni chinthucho ndi njira yopitira kwawo, ndipo ankayamba ndi amene anthu ambiri amamuyamika. Inu a mafoni m'manja, ndakuonani mwayamba kugwedeza mitu ngati mwadziwa kale. Dikirani, sitinafike.

M'dziko lomwelo, kutsidya kwa dambo, munkakhala mayi wina woumba mitsuko, dzina lake Nachanza. Mitsuko yake inali yosadontha, yosang'aluka, ndipo madzi ake ankazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Lusoli anaphunzira kwa amayi ake, amayi akewo anaphunzira kwa amayi awo. Koma iye mwana wamkazi analibe, ndipo zala zake zinali zitayamba kuuma. M'mawa ankayamba waziotha kaye pamoto kuti zigwire dongo. Chimene ankafuna chinali chimodzi: munthu woti amuphunzitse zalazo zisanakanike.

Tsiku lina a Kayenda anatulukira pakhomo pake. Anaodira, anapatsidwa mpando, anapatsidwa madzi. Atamwa anafunsa funso lawo lija.

"Kuno kuli chiyani, mayi?"

Nachanza analeredwa bwino, ndipo munthu woleredwa bwino sadzitama. Mitsuko inali m'nyumba, yovindikira ndi mphasa. Anayang'ana pansi.

"Aa, kuno kulibe kanthu, bambo. Timatope chabe."

A Kayenda anathokoza madzi ozizira, nanyamula mawuwo monga anawamvera.

Mvula inagwa, mvula inatha, a Kayenda anabweranso, pakuti ankabwereza midzi kuti aone ngati zasintha. Anamupeza Nachanza manja ali dongo lokhalokha. Anafunsa ngati tsopano kuli kanthu. Nachanza anabisa manja kumbuyo nati ndi kuseweretsa zala chabe, kuti tsiku lithe. Mumtima ankati munthu wamkulu ngati uyu amva yekha kuti ndi ulemu. Koma ntchito ya a Kayenda sinali yolota za mumtima mwa munthu.

Nachanza anadikira wophunzira. Anadikira pokolola, anadikira potentha, anadikira mpaka udzu unayamba kutseka njira ya kwake. Panalibe anabwera.

Tsiku lina, akuchokera kokaona m'bale wake wodwala, anakhala pa mphambano paja kuti apume. A Nthambi sankamudziwa nkhope, poti iwo sankayenda. Ali chikhalire, panafika mayi wina wamasiye, dzina lake Ndaziona, mwana ali kumsana. Anagwada nati akufuna kuphunzira kuumba mitsuko, kuti manja ake azimudyetsa iye ndi mwanayo.

Nachanza anatchera khutu. A Nthambi anatchula woumba woyamba ndi njira yake. Anatchula wachiwiri. Anatchula wachitatu. Kenako anatseka pakamwa. Nachanza anafuna kunena kuti ndili pano, koma lilime linakana, pakuti moyo wake wonse anali asananenepo kuti ine ndimatha. Ndaziona anathokoza, nalowera njira ya kumpoto. Nachanza anamuyang'ana mpaka anabisika m'mitengo, ndipo zinamupweteka kwambiri.

Atatsala awiri, anafunsa mwakachetechete ngati a Nthambi amadziwa za Nachanza wa kutsidya kwa dambo.

"Ndimadziwa," anatero a Nthambi. "Kumeneko kuli timatope ndi kuseweretsa zala. Ndinaziika pa masewera a ana. Ana akafunsa koumbira ting'ombe tadothi ndimawatchulira, koma amati n'kutali."

"Nachanzayo ndine, mayi. Ndakhala ndikuumba mitsuko chiyambire utsikana wanga."

A Nthambi anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka misozi, ndipo Nachanza naye, ngakhale anali wokwiya, anapezeka akuseka. Atapuma, a Nthambi anamuuza kuti iwo sapereka zimene zili mumtima mwa munthu, amapereka zimene zatuluka pakamwa pake. Anamuuzanso kuti sangasinthe yankho lero lomwe, mpaka amuna awo akafike ndi kuona okha. Akanati azisintha chifukwa cha aliyense wodutsa, bwenzi dziko lonse lili akatswiri.

Nachanza anabwerera kwawo. Analambula njira kuyambira pakhomo mpaka kudambo. Anatulutsa mitsuko naindandalika pabwalo, yaikulu payokha, yaing'ono payokha. Kenako anayamba kuyeserera mawu. Anauza nkhuku, anauza mbuzi, anauza mtondo. Musaseke, inunso alipo mawu amene amakukanikani pakhosi.

Kachitatu a Kayenda anafika. Anaodira, anakhala, anamwa madzi.

"Kuno kuli chiyani, mayi?"

Nachanza anayang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu.

"Kuno kuli mitsuko yosadontha, yoziziritsa madzi. Woumba ndine, Nachanza. Ndipo ndikufuna munthu woti ndimuphunzitse."

A Kayenda anagogoda mtsuko ndi chala, unalira bwino. Anafunsa ngati alipo ena amene anganene zomwezo. Nachanza anawalozera midzi kumene kunapita mitsuko yake, ndipo iwo anatsata njirazo. Pamudzi woyamba anati mtsuko wathu ndi wa Nachanza. Pachiwiri anati wathu watha zaka osang'aluka. Pachitatu anadabwa kuti mpaka pano a Kayenda sankamudziwa. Mawu onsewa anafika pa mphambano, ndipo a Nthambi anamuchotsa Nachanza pa masewera a ana, namuika pa mitsuko, pamwamba penipeni.

Nanga Ndaziona? Kumene anapita kuja sizinamuyendere. Woumba woyamba anati amaphunzitsa ana ake okha. Wachiwiri anali atasamuka. Wachitatu anamutuma madzi ndi nkhuni mwezi wathunthu, dongo osamugwiritsa. Anabwerera pa mphambano atatopa, nafunsanso funso lomwe lija, asakuyembekeza kanthu. Funso linali lakale, koma yankho linali latsopano.

Anafika kwa Nachanza dzuwa lili pamutu. Nachanza anamuzindikira akadali patali. Sanachulutse zonena. Anamumasula mwana kumsana namugoneka pamthunzi, anamupatsa mayiyo madzi, kenako anamukhazika pafupi ndi dongo. Anaika zala zake zouma pamwamba pa zala za Ndaziona, ndipo anayamba. Mtsuko woyamba unapendekeka. Wachiwiri unang'aluka pamoto. Wachitatu unasunga madzi, ndipo Nachanza anamwa madziwo mpaka kutsetsereka pachibwano, mtima wake uli mbee.

Mvula itabweranso, zala za Nachanza zinakanika ndithu. Sanadandaule. Ankakhala pamkeka, mwana uja akusewera pamiyendo yake, Nachanzayo n'kumayang'ana mitsuko yonga ya amayi ake ikutuluka m'manja mwa munthu wina.

Tsono inu a mafoni, gwedezani mitu tsopano. Zimene mumafufuza pa intaneti sizikhala m'kafoni kanuko. Zimakhala m'makompyuta a eni ake, kutali, monga khasu linkatsalira kwa mwini khasu. Alipo a Kayenda ake, mapulogalamu oyenda tsamba ndi tsamba potsata njira zolumikiza masambawo. Alipo a Nthambi ake, osanja mawu ndi kukuyankhani mukalemba funso, kuyambira ndi tsamba limene ena ambiri amalilozera. Onsewa sadziwa ulemu wathu wobisa manja kumbuyo.

Phunziro lake ndi ili: chimene mukufuna kuti chipezeke, chitchuleni dzina lake lenileni, chiikeni poonekera, ndipo lambulani njira yofikira pomwe chili. Kunena zoona za ntchito ya manja anu si kudzitama ayi. Penapake pali munthu amene akukufunani.

Dongo langa lathera pamenepa, ndasamba m'manja, nthano yauma.