Denga la Chipinda cha Apongozi

Nyumba ya a Jailosi Kamwendo ku Scarborough, m'dziko la Canada, inali ya mumdadada, yogundana khoma ndi anansi uku ndi uku, yopanikizika ngati bokosi la machesi. Ankakhalamo ndi akazi awo a Mathilda ndi ana awiri, Mwiza ndi mng'ono wake, wachitatu ali m'njira. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere si mwanayo ayi. Amayi a Mathilda anali atapeza viza yodzasamalira mwana wawo m'chikuta, ndipo a Jailosi, Mchewa wa ku Dedza woleredwa bwino, sakanatha kumapanikizana ndi apongozi pamasitepe, kapena kukumana nawo pakhomo la bafa atangovala thawulo. Amenewo ndi malodza.

Choncho anaganiza zowonjezera chipinda kuseri, cha bafa lake ndi khomo lake. Chilolezo cha mzinda anatenga, maziko anakumba akatswiri, zipupa zamatabwa zinaima. Denga lokha anati apanga okha.

"Bwanji osaitana anzanu akutchalitchi?" anafunsa a Mathilda.

"Mayi a Mwiza, anthu akwathu mukuwadziwa. Akakukhomera msomali umodzi, mawa aposita pagulupu kuti nyumba ya Jailosi tamanga ndife. Ndimanija ndekha."

Munthu wamakani sasowa nzeru zomupweteka. Poona kuti sangakwere m'mwamba ndi mitengo ali okha, anakumbukira mmene malemu bambo awo ankapangira denga la nkhokwe: kulimangira pansi, n'kulikweza litatha. Iwonso analimangira pakapinga kuseri, ndipo kunena zoona linakongola.

Tsoka linabwera polikweza. Anayesa chingwe, anayesa jeke wagalimoto, koma chinasuntha ndi msana wawo basi. Anaitana wa kireni, chigalimoto chokwezera zolemera m'mwamba. Mkuluyo anangoyang'ana n'kupukusa mutu, chifukwa nyumba za mumdadada zilibe njira yopita kuseri, ndipo kutsogolo kunali mawaya amagetsi. Apo n'kuti Novembala atafika, a zanyengo akulengeza sinowo, chipinda chili kukamwa yasa, apongozi tikiti ili m'manja.

A Mathilda anawapeza atakhala padengalo, atagwira tsaya. Manyazi anali atawagwira kwambiri.

"Mayi a Mwiza, bambo anga ankamangira pansi podziwa kuti mudzi wonse ubwera kudzanyamula. Mbali imeneyo ndinaiiwala."

"Foni yanu ndi iyi," anatero a Mathilda. "Aimbireni nokha anzanu aja, ine ndisalowemo."

Loweruka m'mawa msewu unadzaza magalimoto. Kunabwera manesi ongoweruka kumene, madikoni, ndi a Edwin, mnzawo wa a Jailosi wa ku Chipata ku Zambia, wogwira ntchito kubwalo la ndege ku Mississauga. Onse ankadutsa m'nyumba, kuchoka khomo lakutsogolo mpaka lakukhitchini, nsapato zili m'manja. Anansi a mbali zonse ziwiri, ataona chigulucho, anazula matabwa ampanda kuti anthu apeze poponda, iwonso n'kuvala magolovesi.

"Mudala, pulani ya kumudzi mu Canada?" anaseka a Edwin. "Nizee, palibe vuto, tizalifita chabe. Aliyense agwire!"

Mayi wina anayambitsa nyimbo yakwaya, onse n'kuvomera. Denga linadzuka, linafika m'mapewa, linagwedera pang'ono anthu n'kukuwa, kenaka amene anali pamakwerero analikoka mpaka linakhala pazipupa kuti khaa! Nthungululu zinamveka mdadada wonse. A Jailosi analira osabisa, ndipo palibe anawaseka. Pamene sinowo inkayamba kugwa madzulo, pamwamba panali patafoleredwa.

Apongozi atafika anangodutsa m'nyumba n'kukalowera khomo lawolawo kuseri. A Jailosi ananjuta chapatali n'kuwomba m'manja, mtima uli m'malo.

"Mkamwini, chipinda chonsechi mwamanga nokha?" anafunsa mayiwo.

"Iyayi mayi, ine ndinangoyamba. Anamaliza ndi anthu."

Mayiwo anagwedeza mutu mokhutira. Akuluakulu sananame: mutu umodzi susenza denga.