Masekondi Atatu a Mwatitha

Ku Madisi kunali mtsikana wina wosewera mpira wa ntchemberembaye. Dzina lake tingoti Mwatitha. Ankasewera pakati, pamene mpira uliwonse umadutsira, ndipo mwana ameneyu ankautha mpira, abale anga. Ukangofika m'manja mwake, iwe usanaphethire n'komwe, wapita kale kwa mnzake.

Inu abambo amene simuonera masewerawa poti ati ndi a akazi, ndikuuzeni malamulo awiri okha. Loyamba, ukawakha mpira, phazi limene watera nalo likhale pomwepo. Ukhoza kutembenuka, kuyang'ana uku ndi uku, koma phazi limenelo usalikoke. Lachiwiri, mpira usakhale nawo m'manja kupitirira masekondi atatu. Ukatero wezulo imalira, mpira n'kuperekedwa kwa timu inayo. Musunge zimenezi, tizifuna kutsogoloku.

Mwatitha analemba mayeso a Fomu 4 ndipo anakhoza bwino. Zotsatira zitangotuluka, pakhomo panayamba kufika alendo.

Oyamba anali Bambo Kachigamba, ophunzitsa timu ya pa koleji ina ya zauphunzitsi, pafupi pomwepa, ulendo wa minibasi imodzi. Anakhala pakhonde nati, "Mwana wanga, malo ako alipo. Uzidzaphunzira uphunzitsi uku ukutisewerera." Anamusiyira yunifomu yobiriwira ya timu yawo ndi kalata yoti asayine. Mwatitha anagwada, nalandira ndi manja awiri.

"Zikomo bambo, ndibwera."

Patapita masiku anayi kunafika Mayi Zgambo, ophunzitsa timu ya pa koleji ya anamwino kumpoto, kutali, kumene ukakwera basi m'mawa umakafika dzuwa litapendeka. Iwo anabweretsa nsapato zatsopano zosewerera, zoyera mbee, ndi kalata yawonso. Mwatitha anagwadanso.

"Zikomo mayi, ndibwera."

Musaseke, inu a kwaya. Mwana ameneyu analeredwa bwino. Anaphunzitsidwa kuti munthu wamkulu akakupatsa kanthu umalandira, ndipo sumukanira m'maso muli gwa. Vuto linali lakuti thupi ndi limodzi, makoleji ndi awiri. Ndipo makalata onse awiri ankanena chinthu chimodzi: akapanda kusayina pofika Lolemba lomaliza la mweziwo, malo apatsidwa kwa wina.

Apa ndiye mutu unayamba kuzungulira. Akadzuka m'mawa, ndi mphunzitsi. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro, wasanduka namwino. Akaona tiana ta sukulu tikudutsa pamsewu, mtima uku. Akadutsa pachipatala n'kuona anamwino, mtima uko. Anafunsa anzake pafoni. Wina anati kumpoto kumazizira, ukauma. Wina anati ukakhala pafupi ndi kwanu suchangamuka. Anafunsa anthu khumi, napeza mayankho khumi ndi awiri.

Kupemphera anapempheranso, sindimunamizira. Anati, "Ambuye, ndipatseni chizindikiro. Mawa ikagwa mvula, ndiye kuti ndipite kumpoto." Unali mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha koopsa. M'mawa mwake kunangowaza timadontho, osanyowetsa ndi fumbi lomwe. Mwatitha anaima pakhomo akuyang'ana kumwamba. Kodi kameneka tikawerenge ngati mvula kapena ayi? Anabwerera m'nyumba ali chimodzimodzi.

Koma pansi pa mtima ankadziwa chimene ankafuna. Unamwino ankaulakalaka kuyambira ali wamng'ono. Chimene chinkamugwira mwendo ndi amayi ake. Bambo ake anamwalira kalekale, ndipo pakhomopo anali awiriwiri basi. Amayiwo ankagulitsa tomato pamsika. Ndani azidzawasenzetsa dengu? Akadwala, ndani adzawatungire madzi? Izi sankazinena. Amayi ake akafunsa kuti, "Mwati, wasayina iti?" iye ankangoti, "Ndikuganizabe, amayi."

Milungu itatu inatha akuganizabe.

Loweruka, kutatsala masiku awiri okha kuti Lolemba lija lifike, timu ya ku Madisi inali ndi masewero omaliza olimbirana chikho. Anthu anadzaza bwalo. Mwatitha akulowa, anaona Bambo Kachigamba ataima mbali iyi. Atatembenuka, anaona Mayi Zgambo ataima mbali inayo. Aliyense anabwera kudzaonera mwana wake. 

Mpira unayamba. Mnzake anamuponyera, iye nawakha bwinobwino. Kuyang'ana kumanzere, Bambo Kachigamba akumukweza dzanja. Kuyang'ana kumanja, Mayi Zgambo akumuombera m'manja. Anzake awiri ali poyera, akukuwa kuti, "Kuno! Kuno!" Iye wangoti chilili, mpira uli pachifuwa.

Wezulo inalira. Mpira unapita kwa timu inayo.

Kachiwiri, zomwezo. Kachitatu anasokonezeka mpaka anakoka phazi lija. Anthu anayamba kukuwa, "Ponya, iwe! Ukufuna upite nawo kwanu mpirawo?" Pofika nthawi yopumula, a Madisi anali atatsalira ndi zigoli zisanu. Mwatitha anakakhala payekha pansi pa mtengo, manyazi atamugwira.

Amayi ake anali atasiyira mnzawo tomato kuti adzaonere. Anabwera ndi botolo la madzi, nakhala pambali pake.

"Mwati, mpira uwu ndinasewerako iwe usanabadwe, wopanda nsapato. Tandiuza. Anzako awiri akakhala poyera, uyu ali bwino, uyunso ali bwino, umaponyera uti?"

"Aliyense, amayi. Bola ndiponye."

"Nanga ukausunga?"

"Amatenga enawo."

"Ndiye makalata a eni ake ukusungiranji musutikesi? Ngati ukuopera ine, usiye. Sindine khanda. Dengu ndinayamba kusenza ndekha iwe uli kumbuyo."

Mwatitha analira pang'ono, kenaka anaseka, chifukwa anaona kuti amayi ake ankadziwa zonse kuyambira kale. Anamwa madzi aja, nabwerera m'bwalo. Abale anga, chigawo chotsalacho anasewera ngati Mwatitha amene anthu ankamudziwa. Kuwakha, kuponda, kuyang'ana, kuponya.

Mukufuna ndinene kuti anawina. Ayi ndithu. Anagonja ndi zigoli ziwiri. Mipira imene anasunga ija sinabwererenso, ndipo chikho chinapita ndi ena.

Koma masewero atatha, mtsikanayo anathamangira kunyumba, nabwera ndi yunifomu yobiriwira ija ili chipindire. Anapita kwa Bambo Kachigamba, anthu akuona, nagwada. Chibadwire anali asanakanepo munthu wamkulu.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndinati ndibwera pamene mtima wanga unali usanavomere. Ine ndikupita ku unamwino. Mundikhululukire."

 Nkhope ya Bambo Kachigamba inagwa, sitingabise. Kenaka analandira yunifomu ija nati, "Zandiwawa, mwana wanga. Koma wachita bwino kunena. Kuli mtsikana wina ku Bowe, milungu itatu tsopano akundiimbira foni tsiku lililonse kufunsa ngati malo apezeka. Lero ndili ndi chomuyankha."

Mwamva, abale? Nthawi yonse imene Mwatitha ankati akuganizabe, kunali mwana wa munthu wina amene ankadikira, chikwama chili chimangire. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Mwatitha anasayina kalata ya Mayi Zgambo pa tebulo la tomato la amayi ake. Anabwerera kunyumba akuimba, mtima uli m'malo, kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu.

Tsono tanthauzo lake ndi ili. Inu aphunzitsi muli muno musanditsinire diso, sindikunena kuti uphunzitsi unali woipa. Njira zonse ziwiri zinali zabwino. Ambiri a inu achinyamata mumaganiza kuti Mulungu wabisa khomo limodzi lokha lolondola, ndipo mukaphonya basi wakutayani. Ndiye mumangoima, mitima iwiri, kufunsa uyu, kufunsa uyo, kudikira mvula ya mu Okutobala. Mulungu wathu si wotchera ana ake misampha chotero. Mwatitha akanapita kukaphunzitsa, akanamupeza Mulungu m'kalasi. Anapita ku unamwino, anamupeza m'chipatala.

Chimene Mulungu amafuna ndi chakuti phazi lako likhale pamalo amodzi, pa Yesu. Phazi limenelo usalikoke. Ukatero tembenuka momasuka, yang'ana uku, yang'ana uko, funsa makolo, pemphera. Koma ukatha kuyang'ana, ponya. Ukavomera, vomera ndi mtima wonse. Ukakana, kana mwaulemu, koma kana. Kuvomera paliponse si ulemu ayi, ndi bodza lovala bwino, ndipo limapweteka anthu amene sunawaonepo n'komwe.

Ndipo si ana okha. Alipo muno amene mwakhala zaka mukuuza Ambuye kuti, "Zikomo, ndibwera," kwinaku mwauzanso dziko mawu omwewo. Yunifomu ina mwaipinda musutikesi, nsapato zina zili pansi pa bedi. Mukuti mukuganizabe.

M'bale wanga, mlongo wanga, mpira uli m'manja mwako lero, ndipo woimbira wayika kale wezulo pakamwa. Ponya.