Nankhoma ndi Chombo Chimene Chinadzera ku Nthanda

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munabadwa mayi wina dzina lake Esinati Nankhoma. Makani! Mukuti makani anuwa munawatola panjira? Ndi a Nankhoma amenewo.

Nankhoma anali katswiri wa masamu, ndipo ankagwira ntchito kubwalo lina loulutsa zombo zamumlengalenga. Chaka china anapanga chombo chopita ku Jupita, pulaneti lakutali zedi. Chombo chitatha, anapeza kuti roketi yochinyamula ndi yofooka. Mkulu wa ntchitoyo, a Chimphamba, anasonkhanitsa anthu.

"Anzanga, talephera. Chombochi sichingafike."

Nankhoma anaimirira.

"Bwana, chitumizeni ku Nthanda, pulaneti lija limawala m'mbandakucha."

"Mayi Nankhoma, Nthanda ili cha kudzuwa. Jupita ali kwinaku. Wopita ku Karonga amayamba walowera ku Nsanje?"

Anthu anaseka. Nankhoma anaseka? Ayi ndithu.

"Nzeruyi si yanga," anatero. "Akale anaichitapo. Nthanda imathamanga pozungulira dzuwa. Chombo chikadutsa kumbuyo kwake, imachikoka n'kuchigawirako liwiro. Chibwerere kuno, dziko lathu lichikankhenso kawiri, basi chafika."

"Zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Inu mudzakhala mutapuma ntchito."

"Kodi ndikupitako ndine?"

A Chimphamba anakana. Mawa lake Nankhoma anabwera ndi mapepala. Anakananso. Anabweranso ndi mapepala. Miyezi itatu, mapepala, mapepala, mpaka a Chimphamba anawawerenga kuti angopumako. Atawerenga anagwira pakamwa. Chombo chinanyamuka, ulendo wa ku Nthanda.

Nankhoma anapuma ntchito n'kubwerera kuno. Maso anachita khungu, mawondo anauma, koma mwezi uliwonse ankati, "Pano chadutsa pakuti." Ena ankangoti ndi ukalamba.

Zitatha zaka zisanu ndi chimodzi zija, tsiku lina masana Nankhoma akusenda mtedza pakhonde, galimoto inaima pabwalo. Anatsika a Chimphamba, mutu uli mbuu. Anagwada ngati mkamwini.

"Amayi, chafika."

"Liti?"

"Lachiwiri."

"Ine ndinalemba Lolemba."

"Ndife tinakhotetsako pang'ono panjira."

"Ndinadziwa." Kenaka misozi inatsika, ndipo anawatapira mtedza m'manja. "Idyani, mwayenda ulendo wautali."

N'chifukwa chake ife a kwa Nankhoma, mphamvu zikachepa sitisiya ulendo. Timafunsa kuti panjirapo pali yani wotikankhako, timadzera pomwepo, ngakhale anthu aziseka kuti tasochera. Tikachedwa tichedwe, koma kufika timafika.