Mano a woimba lipenga

Ba Stanislaus Nkhoma ankamata matayala a njinga pafupi ndi siteshoni ya Kafue, koma mbiri yawo inali lipenga. Pa ukwati uliwonse wa Akatolika ochokera ku Nyasaland, mkwatibwi sankatuluka m'tchalitchi lipenga lawo lisanalire. Chaka chimenecho wokwatiwa anali mwana wawo, Emelia.

Ku Lusaka adokotala anali atawapeza ndi matenda a shuga, ndipo anawachenjeza kuti chilonda cha munthu wa shuga chimachedwa kupola, ngakhale cha m'kamwa. Posakhalitsa nkhama zinayamba kukha magazi. Mano akutsogolo, amene lipenga limatsamira, anayamba kugwedera ngati zikhomo zozika m'matope.

"Atate ake Emelia, yendani ku kiliniki," anatero mkazi wawo, Tereza. "M'kamwa mwanu mwayamba kununkha."

"Ku kazenera kaja? Mzungu alowa kutsogolo, ankhala pa mpando. Ine mdala wa imvi niimilile pa dzuwa kumbuyo monga mbuzi, anipatsile mankhwala pa kabowo? Siniyenda! Ayambe iwo kusintha."

Ndani angawatsutse? Kazenera kameneko kanali chipongwe chenicheni cha boma la azungu la Federeshoni, ndipo amene anakaboola adzayankha mlandu wake. Koma shuga sadziwa ndale. Nkhama sizidikira kuti dziko lisinthe.

M'malo mwake anapalasa njinga mpaka ku Chanyanya, kwa Lemmy, msodzi wodziwika ndi kuchotsa mphutsi m'mano. Lemmy anathira njere za nthula pa khasu lotentha, nawafunditsa bulangeti, iwo atayasama pamwamba pa beseni la madzi. Atavundukula, tinthu toyera tinali kuyandama.

"Onani, mdala! Ndiye vamene vikudyani ivi."

Tinali timitima ta njere zophulika ndi moto basi. Koma Ba Stanislaus anabwerera akuyenda mwamatama, nauza aliyense pa siteshoni kuti achira popanda kugwadira munthu. Utsi uja unali utawotcha nkhama. Zinatupa, mafinya n'kuyamba kutuluka.

Tereza anaponya pansi mthiko. "Imwe, mulanga ndani kansi? Mzungu uja akudya nyama na mano yake yonse! Amene awola ndimwe!"

"Chongo, mkazi iwe. Leka phokoso."

"Chongo? Mwana wanu akwatiwa, imwe muzaliza lipenga na chani? Na mphuno?"

Ba Stanislaus anatembenukira kukhoma. Tsaya linafufuma mpaka diso kutsinzina, thupi likutentha ngati mbaula. Anansi anawakweza pa lole ya nsomba, osathanso kukana, ulendo wa ku Lusaka. Kumeneko adokotala anapulumutsa moyo wawo, koma mano onse akutsogolo anatsala m'mbale ya chipatala.

Tsiku la ukwati anavala jekete, natenga lipenga lawo. Misa itatha, anthu anapatuka kupereka njira, maso onse kwa iwo. Anaika lipenga pa milomo yofota, nauzira ndi mphamvu zonse. Panatuluka mpweya ndi malovu. Anayesanso, misempha ya m'khosi itatupa. Zii.

Emelia anadikira, nadikira. Kenaka anagwira dzanja la mwamuna wake n'kutuluka atawerama, misozi ikugwera pa chovala choyera.

Okuchita chipongwe sadzamva kupweteka kwa dzino lako, ndipo sadzabwera kudzakupepesa pa mphasa. Akuluakulu sananame: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.